Bambo Atasowa M'tauni pa Tchuthi cha Disembala

Achimwene anga anafika kuchokera ku Joni sukulu zitangotsekera, ndi galimoto yoyera imene inatseka kanjira konse ka kutsogolo kwa nyumba yathu ku Zengeza 4, kunja kwa Harare. Panali patatha zaka zitatu asanabwere. Anatsitsa mpunga, mafuta ophikira, sopo ndi zovala za aliyense, kenako anakhala pakhonde ndi bambo n'kuyamba kuwasimbira za ulendo. Bambo ankamvetsera akugwedeza mutu. Achimwene atalowa m'nyumba kukamwa madzi, bambo anandikodola n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Mlendoyu agona konkuno?"

Apa n'kuti bambo atadwala matenda oiwalaiwala kwa zaka ziwiri. Anabwera m'dziko muno ali mnyamata kuchokera ku Ntcheu, ndipo anagwira ntchito yophika buledi m'tauni mpaka kupuma. Chishona ankachilankhula ngati wobadwira konkuno, Chingerezi chomwe. Matendawa anawalanda Chingerezi poyamba, kenako Chishona, n'kuwasiyira Chichewa chokha cha kwawo. Mayi atamwalira, ine ndi amene ndinabwerera kudzakhala nawo, pamodzi ndi ana anga awiri aakazi, wamkulu wa zaka khumi ndi zinayi ndi wamng'ono wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anawo Chichewa amamva, koma amayankha m'Chishona, moti macheza awo ndi agogo awo ankathera panjira.

Ine ndimasoka zovala pamsika wa Chikwanha. Ndikamachoka m'mawa ndinkakiya geti, chifukwa bambo anali atatulukapo kawiri konse. Ulendo wachiwiri tinakawapeza pamasitolo a pa Huruyadzo akufunafuna nyumba imene tinkakhala ku St Mary's ndili mwana. Kuyambira tsiku limenelo ndinasokerera kansalu kolembapo nambala ya foni yanga m'kolala mwa malaya awo onse, ndi m'jekete momwe.

Tchuthi chimenecho ana anali atatopa ndi kukhala mumpanda. Anzake a wamkulu ankamutumizira zithunzi ali kosambira, ena ali kokaona nyama, iye n'kumangondionetsa foniyo. Ndiye achimwene atanena kuti Loweruka tonse tikapite kupaki yaikulu ya m'tauni mu Harare, wamng'ono anazungulira nyumba kawiri akuthamanga.

"Ana apite ndi inu, achimwene," ndinatero. "Ine nditsala ndi bambo."

"Ndati tonse. Si bambo omwewa ankatitengera kumeneko chaka ndi chaka? Mwina akakaona malowo akakumbukirako zina."

"Sizimayenda choncho. Anthu akachuluka amasokonezeka."

"Iwe mlongo wanga, munthu wamkulu wamusandutsa mkaidi. Angachire bwanji atatsekeredwa usana wonse?"

Yankho ndinali nalo, ndipo linali lalitali. Koma ana anali pomwepo, maso ali pa ine. Ndinangotenga beseni n'kupita kumpopi.

Loweruka m'mawa ndinawasambitsa bambo, kuwameta ndevu, n'kuwaveka malaya awo abuluu. Pamene ndinkakazinga nkhuku ndi kuphika mpunga woti tikadye kumeneko, achimwene anawavula malayawo n'kuwaveka ena atsopano ochokera ku Joni, achikasu owala, opanda kolala. Ndinaziona tili kale pagalimoto.

"Malaya amenewa alibe nambala," ndinatero.

"Tilipo akuluakulu awiri. Asowa bwanji?"

Ndinabwerera m'nyumba kukatenga jekete, mmene munalinso chitupa chawo, n'kuwaveka. Koma kunkatentha kwambiri. Tisanathe n'komwe msewu wa Seke anali ataivula, thukuta lili kamukamu. Ndinaipinda n'kuiika m'chikwama changa.

Kupaki kunali anthu osayamba. Maukwati awiri ankajambulitsa zithunzi pafupi ndi maluwa, operekeza mkwatibwi akuimba. Ogulitsa ayisikilimu ankaliza timabelu tawo, ojambula zithunzi ankatsatira banja lililonse lolowa pageti, ndipo chapatali mlaliki wina ankalalikira anthu ogona pakapinga. Kumbali ya ana kunali akatungwe, ndiponso chinyumba chopopa ndi mpweya chija ana amadumphamo. Tinapeza benchi pansi pa mtengo wa jakaranda, pafupi ndi chinyumbacho, n'kuyala chitenje pansi.

Ndinene zoona: ola loyamba linayenda bwino. Bambo anadya nkhuku mpaka kunyambita zala. Aukwati ataimba nyimbo ya kutchalitchi, iwo anaomba nawo m'manja. Kenako analoza kumunsi kwa paki n'kunena kuti, "Uko kunkadutsa kasitima ka ana." Achimwene anandiyang'ana ndi diso loti waona nanga. Sindinapse mtima. Inenso kasitimako ndinkakakumbukira, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti mwina ndine amene ndinkalakwitsa.

Chakumasana wamkulu anandinong'oneza kuti ndimuperekeze kuchimbudzi. Zinali za atsikana, zamubwerera asakuyembekeza, ndipo nkhope yake inali itagwa. Wamng'ono nthawi yomweyo ankakoka dzanja la amalume ake kuti akufuna kukadumpha.

"Achimwene, musawachotse diso," ndinatero. "Ngakhale pang'ono pokha."

"Pita iwe. Tili pompano."

Kuchimbudzi kunali mzere wautali wa amayi ndi ana. Tinaima, tinaima. Nditathandiza mwanayo ndi kumumangirira juzi langa m'chiuno, panali patatha mwina theka la ola. Tikubwerera ndinaona achimwene ndili patali. Anaima pafupi ndi chinyumba chopopa chija, foni ili m'mwamba, akujambula wamng'ono akudumpha. Ndinayang'ana pabenchi. Panali chitenje, mbale zathu ndi botolo la madzi.

"Bambo ali kuti?"

Achimwene anatembenuka, kumwetulira kudakali pankhope. "Ali pabenchi."

"Pabenchi palibe munthu."

Anayang'ana benchilo nthawi yaitali, ngati bambo angatulukire pansi pake. "Anali pomwepa pompano. Ndangosuntha pang'ono kuti ndimujambule mwanayu."

Wamng'ono anatsika m'chinyumbamo akupuma mwawefuwefu, n'kuyamba kudumphadumpha chifukwa pansi pankaotcha. "Bhutsu dzangu dzina sekuru," anatero, kutanthauza kuti nsapato zake zinali ndi agogo ake. Anali atazivula polowa n'kuwapatsa kuti amusungire.

Poyamba ndinkadziuza kuti munthu wokalamba sangapite patali. Tinagawana paki. Achimwene anabereka wamng'ono n'kupita chakumtunda, ine ndi wamkulu tinatsikira kumene bambo analoza za kasitima. Ndinasuzumira kuseri kwa mitengo ya maluwa, ndinalowa pakati pa anthu a ukwati, ndinapempha bambo wina kuti akandionere m'chimbudzi cha amuna. Ndinkaitana kuti "Bambo," ndipo amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi ankatembenuka nthawi imodzi, onse osawadziwa. Chikwama chinkandilemera paphewa, ndipo nthawi iliyonse chikandigunda m'nthiti ndinkakumbukira kuti jekete ili mmenemo, ndi nambala, ndi chitupa.

Pakiyo ili ndi mageti angapo, ndipo lililonse limatulukira kumsewu wa galimoto. Pageti loyamba mlonda anati sanaone munthu wotero. Pa lachiwiri panali mayi wogulitsa ayisikilimu, ndipo wamkulu ndi amene anamufunsa, m'Chishona chake chachangu.

"Mdala wa malaya achikasu?" anatero mayiyo. "Anabwera pano, nsapato za mwana zili m'manja. Amalankhula chi Malawi, ine sindinamve. Amangondionetsa nsapatozo n'kuchita dzanja chonchi." Anatsitsa dzanja lake mpaka m'chiuno, msinkhu wa mwana. "Ndimayesa akugulitsa. Watulukira apa, walowera m'tauni."

"Kalekale?"

"Kanthawi ndithu."

Apa m'pamene ndinamvetsa. Bambo anangozindikira ali okha pabenchi, nsapato za mwana zili m'manja, mwana osaoneka. Sanasochere poyendayenda. Ananyamuka kukafuna mwini nsapatozo, ndipo munthu wofuna mwana sayenda pang'onopang'ono.

Ndinaimbira achimwene, anabwera akuthamanga, mwana akugwedezeka kumsana. Iwo ankafuna kuti tonse tikwere galimoto tizizungulira.

"Pagalimoto simungaone munthu m'khamu ngati ili," ndinatero. "Inu tengani mwanayu mupite kupolisi, mukawaonetse chithunzi chimene mwajambula bambo m'mawa. Mukawauze kuti bambo samva Chishona, ndiponso kuti akaona yunifolomu amathawa. Ine ndiyenda pansi."

"Ndiye tikasowananso tokha?"

"Foni muli nayo. Pitani."

Chibadwire ndinali ndisanawalamulepo achimwene. Anangotembenuka n'kupita.

Kunali kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, ndipo m'tauni munalibe popondapo. Ogulitsa anayala katundu m'mbali monse mwa misewu, masitolo ankaliza nyimbo zopikisana, anthu ankakankhana ndi majumbo. Sindinkadziwa kuti anthu ovala zachikasu ndi ambiri chomwecho. Kawiri ndinathamangira malaya achikasu, ndipo kachiwiriko ndinagwira mkono wa munthu n'kumutembenuza, koma anali bambo wamng'ono kwa ine, amene anandiyang'ana ngati wamisala. Wamkulu ankafunsa aliyense wokhala pansi: ogulitsa nthochi, osoka nsapato, mayi wakhungu ndi womutsogolera wake. Ambiri ankapukusa mutu asanamve n'komwe funso lonse.

Ndinalemba uthenga pagulu la amayi a kumpingo kwathu. Pasanathe nthawi foni inayamba kulira osaleka. Aliyense ankafuna kudziwa kuti zachitika bwanji, ena ankayamba kupemphera pafoni pomwepo, ndipo ine sindikanaleka kuyankha, poopa kuti mwina woimbayo ndi amene wawaona.

Pangodya ina tinapeza mayi woyala nsapato za kaunjika pansi. Atangomva za malaya achikasu anaika manja m'chiuno.

"Ndi wanu mdala ameneyo? Anaima pano nthawi yaitali, akugwiragwira nsapato za ana. Ndikuona ali nazo zina m'manja, ndinati waba. Ndinamukalipira, anyamata anabwera n'kumugwira. Koma titaziona zinali zakutha kale, si zanga. Tinamusiya."

"Anamumenya?"

"Ayi, anangomugwira. Anagwa pang'ono pothawa. Walowera kumunsi uko, kumsewu waukulu."

Ndinkafuna kuponda nsapato zake zonse n'kuzimwaza mumsewu. Wamkulu anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Handei, mhamha," kutanthauza kuti tiyeni amayi, ndipo ndinamutsatira.

Sitinaone kuti mitambo yasonkhana liti. Tinangomva mphepo yozizira ikuulutsa mapepala ndi fumbi, ogulitsa n'kuyamba kulongedza mwachangu. Bingu linagunda pafupi, nyimbo za m'masitolo zinazima nthawi imodzi, magetsi atathima. Kenako mvula inatsika, yamadontho akuluakulu, ija ya Disembala imene imadzaza ngalande munthu asanapeze pobisala. Anthu onse anathawira m'makonde a masitolo. Ife tinapitiriza kuyenda, ndipo ndinaganiza kuti mwina mvulayi yatithandiza, chifukwa wotsala panja aoneka.

Tinafika pamsewu waukulu uja, wotakata, wodutsa galimoto zitatu mbali iyi ndi zitatu mbali inayo. Maloboti anali atazima pamodzi ndi magetsi, ndipo aliyense ankangoyenda mwa iye yekha, makombi (maminibasi a kuno), mabasi, malole, onse akuliza mahutala ndi kuthovola madzi. Wamkulu anaima mwadzidzidzi n'kundifinya mkono.

Bambo anali pakati pa msewu. Anaima pa kasimenti kakang'ono kolekanitsa galimoto zopita ndi zobwera, kopapatiza ngati thabwa. Malaya achikasu aja anali atawamatirira pathupi. Nsapato za mwana anazikumbatira pachifuwa ndi dzanja limodzi. Ankayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa phazi limodzi mumsewu, galimoto ikaliza hutala n'kulibweza, kenako n'kulitsitsanso.

Ndinamva wamkulu akukoka mpweya kuti aitane. Ndinamutseka pakamwa ndi dzanja.

"Ukawaitana atsika," ndinatero. "Pita pakhonde apo, uime poti ndizikuona. Usasunthe ngakhale zitavuta bwanji."

Sindinawolokere pamene iwo anali, kuopa kuti akandiona ndikubwera mwa liwiro adzidzimuka. Ndinatsika kaye chakumunsi pang'ono. Sindikumbukira bwino mmene ndinawolokera. Ndikukumbukira kuti ndinakweza manja onse awiri n'kulowa mumsewu, madzi akufika m'akakolo. Galimoto ina inaima mpaka kutsetsereka. Kombi inandidutsa pafupi moti galasi lake linagunda chikwama changa, dalaivala n'kutulutsa mutu kunditukwana. Kenako ndinaponda pa kasimenti kaja.

Ndinayamba kuyenda kulowera kumene anali, phazi kutsogolo kwa linzake, pang'onopang'ono. M'zaka ziwiri zija ndinali nditaphunzira kuti akasokonezeka, ukawauza kuti ndine mwana wanu amakana ndipo amakwiya. Ndiye nditafika poti angandimve, ndinaima n'kuwapatsa moni ngati munthu wongodutsa.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Anatembenuka. Madzi ankatsika m'nsidze zawo. Kumva Chichewa nkhope yawo inamasuka pang'ono. "Ndaswera bwino, kaya inu, mayi."

"Mukudikira ndani pamvula pano?"

"Mwana wanga wasowa," anatero, n'kundionetsa nsapatozo. "Kamtsikana, kakang'ono chonchi. Ndafunsa anthu onsewa, palibe akundiyankha. Ndikawauza chiyani amake?"

Basi inadutsa kumbuyo kwawo, mphepo yake n'kuwagwedeza. Ndinasendera phazi limodzi.

"Mwanayo ndamuona ine. Ali tsidya ilo, pakhonde la sitolo."

"Mwamuona ndithu?"

"Ndamuona. Tiyeni ndikakuonetseni. Koma mundigwire dzanja, bambo, ine galimoto ndimaziopa."

Anandiyang'ana, kenako anatambasula dzanja n'kugwira langa mwamphamvu, monga ankandigwirira kale. "Musaope, mayi. Misewu imeneyi ndayendamo zaka zambiri." Anakweza dzanja lokhala ndi nsapato lija kuimitsa galimoto. Dalaivala wa lole ina anationa, anaima, n'kutulutsa mkono pawindo kuimitsanso a m'mbali mwake. Tinawoloka, iwo patsogolo, ine pambuyo, ndipo ndinaona kuti akutsimphina. Buluku linali litang'ambika pabondo, magazi akusungunuka ndi mvula.

Pakhonde panali podzaza anthu obisala mvula, ndipo anatipatsa mpata. Wamkulu anathamangira agogo ake kuti awakumbatire, koma iwo anabwerera m'mbuyo n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Si ameneyu," anatero. "Wanga ndi wamng'ono. Mwandinamiza, mayi."

Anayamba kukoka dzanja kuti alimasule. Bambo anali okalamba, koma manja amene anakanda ufa wa buledi moyo wonse anali adakali ndi mphamvu. Ndinawagwira ndi manja awiri, iwo n'kumandikokera kumsewu, ndipo anthu ena anayamba kung'ung'udza, osadziwa kuti wolakwa ndani. Ndikanawasiya kuti nditulutse foni, akanapita.

Wamkulu anaima kutsogolo kwawo, pakati pa iwo ndi msewu. Analankhula m'Chichewa, mawu amodziamodzi, ngati munthu woponda pamiyala yoterera.

"Agogo, mwana akubwera. Ali m'galimoto. Khalani pansi. Akubwera."

"Akubwera ndi ndani?"

"Ndi... ndi achimwene ake."

Bambo analeka kundikoka. Mlonda wa sitoloyo anabweretsa kireti, ndipo anavomera kukhalapo, koma m'mphepete mwenimweni, okonzeka kunyamuka. Ndinatulutsa jekete m'chikwama n'kuwafunditsa. Wamkulu anaimbira amalume ake n'kuwauza pamene tinali.

Kudikira kumeneko kunali kotalika kuposa kufunafuna konse. Galimoto m'tauni zinali zitapiringizana chifukwa cha maloboti, ndipo achimwene ankangoti ndili pafupi, ndili pafupi. Bambo ankadzuka pafupipafupi n'kufunsa kuti ali kuti nanga, ndipo nthawi iliyonse wamkulu ankabwereza mawu ake omwe aja. Milomo yawo inayamba kunjenjemera ndi kuzizira. Ine ndinagwada pambali pawo, dzanja limodzi litagwira lamba wa buluku lawo kumbuyo, kumene sankaona.

Pomaliza achimwene anatulukira wapansi, atasiya galimoto kwinakwake. Anali atanyowa thupi lonse, wamng'ono ali kumsana atafunda malaya awo. Anamutsitsa pakhondepo. Mwanayo anaima pasimenti yonyowa, mapazi ali pamtunda, akuyang'ana agogo ake.

Bambo anatsika pakireti n'kugwada, ndi bondo lovulala lomwelo. Anagwira phazi la mwanayo, kulipukuta ndi m'munsi mwa jekete, n'kuliveka nsapato, kenako linalo. Zala zawo zinkalephera kumanga lamba, koma sanalole kuti wina awathandize. Atamaliza anamugwira mapewa n'kumutchula dzina langa.

"Usamachoke osatsanzika, wamva? Taona wandiyendetsa tauni yonse."

Wamng'ono anatsegula pakamwa kuti awauze kuti dzina lake si limenelo. Ndinamupukusira mutu. Anangoti, "Ehe, sekuru."

Achimwene anaima pambali, manja ali lendee. Mbale zathu ndi chitenje tinazisiya kupaki, ndipo palibe amene anazitchula.

Tinalowa m'galimoto kubwerera kunyumba. Bambo anagona, mutu uli paphewa la wamkulu. Titatuluka m'tauni n'kulowa msewu wa Seke, achimwene anakhotetsera galimoto pambali n'kutsika. Anakaima kuseri kwa galimotoyo, atawerama, manja ali pamawondo, mvula ikuwawaza. Atabwerera anagwira chiwongolero osaliza injini.

Ndinkafuna kukhala chete, koma sindinathe. "Ndinakuuzani, achimwene."

"Unandiuza."

"Theka la ola lokha. Ine zaka ziwiri."

"Ndamva, mlongo wanga," anatero. Kenako anafunsa, osandiyang'ana, "Amakhala chonchi masiku onse?"

"Osati masiku onse. Masiku ena amaposa apa."

Tinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, mvula itakata. Ndinatenthetsa madzi, ndipo achimwene anapempha kuti ndiwaonetse mmene ndimawasambitsira. Ndinawaonetsa: kuyamba ndi mapazi, kuwauza chilichonse usanachichite, osawathira madzi kumutu mowadzidzimutsa. Bondo linali litasupuka kwambiri, ndipo mapazi onse awiri anali ndi matuza. Achimwene anatsuka balalo okha, akupepesa nthawi iliyonse bambo akatsinzina. Masiku atatu otsatira bambo anatentha thupi ndi kutsokomola, mpaka tinapita nawo kuchipatala, koma anachira. Za tsikulo sanakumbukire chilichonse. Ankangodabwa kuti bondo latani.

Madzulo a Loweruka lomwelo, bambo atagona, tinakhala m'khitchini tikumwa tiyi, wamng'ono akusinza pamiyendo panga. Wamkulu ankazunguza kapu yake patebulo.

"Mhamha, dzina lija anamuitana ndi lanu," anatero, adakali m'Chichewa chake chopunthwa. "Inu munasowapo?"

"Ayi. Angosokoneza basi."

"Unasowa," anatero achimwene.

Ndinawayang'ana.

"Mupaki momwemo. Unali wamng'ono kuposa uyu. Mayi anatsala kunyumba tsiku limenelo, anali ndi malungo. Tinakufuna mpaka dzuwa kupendeka, bambo akuthamanga geti ndi geti, ine ndikulira pambuyo. Anakupeza utagona pansi pa tebulo la mayi wina wogulitsa chimanga chootcha. Pobwerera m'basi anandiuza kuti ndikadzangowauza mayi, sindidzapondanso m'tauni."

"Ndiye simunawauze?"

"Mpaka anamwalira osadziwa."

Ndinafufuza m'mutu mwanga, koma sindinapezemo tebulo, kapena chimanga, kapena basi. Wamkulu anafunsa amalume ake kuti agogo anandikalipira kapena ayi atandipeza. Achimwene anati sanandikalipire, anangondinyamula, ndipo kuyambira pageti la paki mpaka ku St Mary's sananditsitse pansi. Kenako achimwene anadzuka, anatenga makiyi pamsomali, n'kupita kukaona ngati geti lili lokiya.